Masheya a Mayi a ku Chibavi ndi ulendo wa ku Dar es Salaam

Wapampando:
Amayi ndi abambo a gulu lathu la banki khonde, ndakupatsani moni nonse. Nkhani yomwe inatikanika Loweruka ndaibweretsa pano kuti aliyense alembe maganizo ake mofatsa, tisanakumanenso sabata ino. Mayi a ku Chibavi anachotsedwa ntchito kumapeto kwa Julayi, ndipo akuganiza zosamukira ku Tanzania, choncho apempha kuti masheya awo athetse ngongole yawo mwezi uno wa Ogasiti m'malo modikira kugawana kwa mu Disembala. Ndikupempha a Mlembi kuti ayambe ndi kutiwerengera zomwe zili m'buku, kuti tisakangane pa ziwerengero za m'mutu.

Mlembi:
Zikomo Mayi Wapampando. Kuyambira mu Januwale, Mayi a ku Chibavi agula masheya 120 pa mtengo wa K5,000 sheya imodzi, zomwe zikukwana K600,000. Mu Juni anakongola K900,000, ndipo mu Julayi anabweza K300,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja cha K90,000, kotero kuti yotsala ndi K600,000, ndipo pamwamba pake pali chiwongoladzanja cha mwezi uno cha K60,000. Iwo ndiwonso mboni pa ngongole ya K400,000 ya alamu awo, Mayi a ku Zolozolo, yomwe ikutha mu Okutobala. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la gulu lathu limati wotuluka chaka chisanathe alandira masheya ake okha opanda phindu, ndipo alandira pokhapokha atamaliza ngongole zonse zomwe dzina lake lalembedwapo.

Mayi a ku Chibavi:
Ndikuthokoza a Mlembi, ziwerengerozo n'zoona ndipo sindikutsutsapo chilichonse. Ndagwira ntchito ya ukalaliki zaka zisanu ndi zitatu pa bungwe lomwe nonse mukulidziwa, ndipo thandizo lochokera kunja litaduka tinauzidwa kuti ambiri a ife tipite kunyumba. Mukudziwanso kuti ndimadwala mphumu, ndi kuti chaka chilichonse mu Juni ndi mu Julayi, nkhungu ndi mvula yowaza ya Mzuzu zikayamba, ndimagona nditatsamira khoma chifukwa chobanika. Chomwe chinkandisunga muno ndi ntchito, ndipo ntchitoyo yatha. Msuweni wanga anakwatiwa ku Dar es Salaam, amagulitsa zitenje ku msika wa Kariakoo, ndipo wandiitana kuti ndikamuthandize kumeneko, komwe kumatentha chaka chonse.

Pempho langa ndi lakuti K600,000 ya masheya ithetse K600,000 ya ngongole, ine ndipereke K60,000 ya chiwongoladzanja pamanja, kenaka gulu lindipatse gawo langa la phindu lomwe lapezeka mpaka lero. Sindikuona chilungamo kuti ndichoke chimanjamanja pamene chiwongoladzanja chomwe ndakhala ndikupereka chili m'phindu lomwelo, komanso sindikutuluka chifukwa chonyoza gulu ayi, ndikutuluka chifukwa cha vuto lomwe sindinaliitane.

Msungichuma:
Achemwali, vuto lanu ndalimva ndipo ndikumva nanu chisoni, koma ndiloleni ndilankhule monga munthu amene amagona ndi bokosi m'nyumba. Pa pepala zikuoneka ngati K600,000 ikafafaniza K600,000 palibe yemwe waluza, koma m'bokosi si momwemo. Masheya anuwo sali m'bokosi, ali m'manja mwa anthu omwe anakongola, inu nomwe muli m'gulu lawo. Chomwe ine ndikuyembekezera mu Seputembala ndi ndalama zenizeni zogwirika, chifukwa anthu atatu analembetsa kale kuti adzakongole zogulira feteleza mvula isanagwe, ndipo ndinawalonjeza powerengera kuti ngongole yanu ibwera. Tikangofufuta m'buku, anthu atatuwo ndidzawapatsa chiyani? Komanso K600,000 imeneyo ikanazungulira mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse, ikanabweretsa K180,000, ndipo imeneyo ndi ndalama ya tonse yomwe ingatayike.

Wowerenga ndalama:
Ndikugwirizana ndi a Msungichuma pa nkhani ya feteleza, koma pa K180,000 ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa awerengera mbali imodzi yokha. Masheya a gulu lonse ndi 2,000 ndipo phindu lafika K2,500,000, kutanthauza kuti gawo la masheya 120 ndi K150,000. Mayiwa akatuluka motsatira lamulo lachisanu ndi chiwiri, K150,000 imeneyo imatsala m'manja mwathu, choncho chomwe gulu lingataye si chachikulu monga momwe zamvekera. Ndikunena izi kuti tisawaopseze ndi chiwerengero chokokomeza. Komabe ndikukana kuti alandire phindu lero, chifukwa phindu lomwe tikulitchulali lambiri lake lidakali ngongole m'manja mwa anthu, ndipo palibe amene angatsimikize kuti lonse lidzabwera. Munthu wina akadzalephera kubweza mu Novembala, tonse tidzagawana kuluzako, koma amene analandira kale gawo lake mu Ogasiti adzakhala atadya phindu lomwe silinabadwe.

Bambo a ku Luwinga:
Ine ndakhala ndikudutsa pa chipata cha Songwe, m'malire a Malawi ndi Tanzania, zaka zambiri kukaoda katundu, ndiye ndiloleni ndinenepo za ulendowo, popeza ndiwo wabala nkhani yonseyi. Mayi, kulowa m'dziko la Tanzania n'kosavuta kwa Mmalawi, chifukwa ndi pasipoti yanu amakulolani kukhala mpaka masiku 90 ngati mlendo, koma chilolezo cha mlendo si chilolezo chogwirira ntchito kapena chochitira malonda. Kuti mukhazikike pamafunika chiphaso chokhalira m'dzikomo, ndipo chimalipiridwa ndi ndalama zomwe munthu wongochotsedwa kumene ntchito sangazipeze mosavuta. Choposa apo, mu Julayi 2025 boma la Tanzania linaletsa anthu omwe si nzika kuchita mitundu 15 ya malonda ang'onoang'ono, ndipo m'gulu limenelo muli kugulitsa katundu m'mashopu wamba, ma saluni, kukonza mafoni ndi kutumiza ndalama pa foni. Kuima pa kauntala ku Kariakoo n'kumagulitsa zitenje ndi ntchito yomwe ingakuikeni m'mavuto inuyo ndi msuweni wanu yemwe.

Mukumbukirenso zomwe zinachitika mu Epulo chaka chomwecho, pamene mayiko awiriwa anatsekerana malonda a zokolola ndipo katundu anaima pa chipata mpaka akuluakulu atakambirana. Sindikuti musapite ayi, ndikuti mupite ngati munthu wokaona, mutasiya khomo lotsegula kuno. Gulu lino ndi limodzi mwa makomo amenewo, ndipo mukalitseka chifukwa cha K150,000 n'kupeza kuti pakutha pa miyezi itatu akukuuzani kuti mubwerere kwanu, mudzafikira kwa akatapila.

Mayi a ku Katawa:
Popeza ndinagwirapo ntchito ya unamwino, ndiwonjezerepo mawu ochepa pa za mphumu. N'zoona kuti mpweya wozizira umautsa matendawa, ndipo Mzuzu ali pamtunda, koma Dar es Salaam ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kotentha ndi kwachinyontho, ndipo chinyontho, nkhungu za m'makoma, fumbi ndi utsi wa magalimoto zimabanikitsanso anthu ena kuposa chisanu. Palibe amene angadziwiretu mmene chifuwa chanu chidzachitire kufikira mutakhalako masabata angapo. Ngati chomwe mukufuna ndi kutentha kokha, Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pano, ndipo ku Karonga kumatentha mokwanira, kulinso malonda a mpunga ndi a katundu wochokera ku Kyela m'dziko la Tanzania, popanda kufunsidwa chiphaso ndi wina aliyense.

Mayi a ku Chibavi:
Malangizo anu ndawalandira ndi manja awiri, ndipo za lamulo la mu Julayi sindinkazidziwa bwino, ndimufunsa msuweni wanga usiku uno. Komabe ndikupempha kuti tisasandutse bwalo lino kukhala loweruza ngati ndipite kapena ndisapite, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya ine ndi ana anga. Chomwe chikundikankha kufuna ndalama zanga msanga ndi kwacha. Tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, patangotsala mwezi umodzi kuti tigawane, kotero kuti ndalama zomwe tinanyamula chaka chimenecho sizinagule zomwe tinkayembekezera. Kwa inu amene mudzagula ufa ndi feteleza konkuno zimapweteka, koma kwa ine amene ndikufunika kusintha ndalamazo kukhala mashilingi, pamene m'mabanki ndalama zakunja zikusowa, mwezi uliwonse wodikira umandidya.

Msungichuma:
Mantha amenewo ndi a tonse, achemwali, ndipo sitingakonze lamulo lakuti yemwe akuopa kwambiri kugwa kwa kwacha ndiye atuluke koyamba, chifukwa tikatero bokosi lidzatsala lopanda kanthu Okutobala asanafike. Koma taonaninso bwino pempho lanu. Mukafafaniza masheya ndi ngongole simutenga ndalama iliyonse m'manja, mungotsala opanda ngongole ndi opanda masheya. Ndalama zomwe mukufuna kukwerera basi ndi K150,000 ya phindu basi, ndipo imeneyo ndi yomwe lamulo silikulola.

Mayi a ku Zolozolo:
Mayi Wapampando, dzina langa latchulidwa ndipo sindingakhale chete. Alamu anga anandiimira umboni ndi mtima wawo wonse, ndipo ine sindinaphonyepo mwezi ngakhale umodzi, koma zikundiwawa kuti za ulendo wawo ndinazimvera pa msonkhano wa Loweruka pamodzi ndi anthu ena onse, pamene timadyera mbale imodzi. Masheya anga ndi 60 okha, ndiye K300,000, ndipo paokha sangakwanire kuimira K400,000. Iwo akatuluka lero, lamulo likuti ndipeze mboni ina kapena ndibweze zonse nthawi imodzi, ndipo ndalamazo zili m'mabelo a kaunjika omwe ndikugulitsa pang'onopang'ono mu msika wa Zigwagwa. Ndikupempha kuti chilichonse chomwe mugwirizane chisandigwetsere ine m'dzenje.

Mayi a ku Chibavi:
Alamu, pamenepo ndinalakwa ndipo ndikupepesa pamaso pa gulu lonse. Ndinkaopa kuti achimwene anu amva ndisanakonzeke kuwafotokozera, koma sichinali chifukwa chokubisirani inuyo.

Mlembi:
Pali chinthu chimodzi chomwe sitinachikhudze, ndipo mwina ndicho chingamasule mfundoyi. Malamulo a ntchito a dziko lino amati wochotsedwa ntchito chifukwa chochepetsa antchito alandire ndalama za severance, zomwe ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, ndi a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi. Pa zaka zisanu ndi zitatu, amenewo ndi malipiro a masabata 19, osawerengera masiku a tchuthi omwe simunatenge. Palinso penshoni, yomwe abwana ankaikako 10 peresenti ndipo inu 5 peresenti, ngakhale kuti imeneyo ili ndi ndondomeko yakeyake ndipo situluka tsiku lomwe mwachotsedwa ntchito. Mayi, kodi severance munalandira kale?

Mayi a ku Chibavi:
Sindinalandire. Kalata yomwe anatipatsa ikuti atilipira pofika kumapeto kwa Seputembala, ndipo n'chifukwa chake sindinafune kuitchula, popeza fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ikabwera, ikwanira kubweza K600,000 n'kutsalako ya ulendo, koma ikachedwa sindikufuna kuti mudzanditche wabodza.

Wapampando:
Ndawerenga zonse kawiri, ndipo nazi zomwe ndidzabweretse Loweruka kuti tidzakweze manja. Lamulo lachisanu ndi chiwiri likhala momwe lilili, chifukwa tikalipinda lero chifukwa cha munthu amene timamukonda, mawa sitidzatha kulikana kwa munthu amene sitimukhulupirira. Mayi a ku Chibavi asatuluke m'gulu. Apereke K60,000 ya mwezi uno Loweruka, ndipo K600,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja cha Seputembala adzabweze severance ikangolowa. Ikachedwa kupitirira sabata yoyamba ya Okutobala, adzatisonyeze kalata ija, ndipo tidzawachotsera chindapusa cha kuchedwa koma osati chiwongoladzanja, pamene a Msungichuma adzayambe ndi awiri mwa atatu a feteleza aja pogwiritsa ntchito zobweza za anthu ena. Akamaliza ngongole ali omasuka kukwera basi yopita ku Songwe, ndipo miyezi yomwe adzakhale ali kunja sitidzawalipiritsa chindapusa cha kujomba, masheya azitumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba ngati angathe. Umboni wawo pa ngongole ya alamu awo upitirira mpaka mu Okutobala, popeza masheya awo adzakhala adakali m'gulu. Mu Disembala adzalandira masheya awo ndi phindu lonse la chaka, kaya ali ku Kariakoo, ku Karonga kapena ku Chibavi komweko.

Bambo a ku Luwinga:
Ndikuvomereza, ndipo ndikungopempha kuti chikhululukiro cha chindapusa cha kujombacho chilembedwe m'buku ngati lamulo la aliyense wochotsedwa ntchito amene wapita kukafufuza kwina, chifukwa mmene zinthu zikuyendera m'mabungwemu, mayiwa sakhala omaliza.

Mayi a ku Chibavi:
Si zomwe ndinapempha, ndipo ndikuonabe kuti wotuluka chifukwa cha tsoka sayenera kuyesedwa ndi muyeso umodzi ndi wotuluka mwa dala, choncho nkhani ya lamulo lachisanu ndi chiwiri ndidzaidzutsanso mu Januwale tikamakonza malamulo a chaka chatsopano. Pakadali pano ndavomera, ndipo K60,000 ndibwera nayo Loweruka. Ndikupempha a Mlembi alembe kuti ngati Disembala adzandipeze ndili kunja, gawo langa lisapatsidwe kwa wachibale aliyense, litumizidwe pa nambala yanga ya ku Malawi yomwe ili m'buku.

Msungichuma:
Zimenezo zilembedwa, achemwali, koma zilembedwenso kuti ndalama yotumizira idzachotsedwa pa gawo lanulo, osati m'thumba la ngozi, chifukwa m'thumbamo mwatsala K48,000 yokha chichokereni maliro a mu Juni.