Kodi data mining ingagwire deta yolakwika imene checksum yailola kudutsa?

Kachipangizo:
Ndimayang'anira tizipangizo toyeza kutentha timene timatumiza manambala ku seva pa mphindi iliyonse. Sabata yatha kamodzi mwa tizipangizoti kanatumiza nambala imodzimodzi, 21.4, kwa maola asanu ndi anayi, ndipo palibe chinatichenjeza chifukwa mapaketi onse a deta ankafika bwinobwino. Kodi data mining (kufufuza makhalidwe obisika mu deta yambiri) ingandithandize kugwira zolakwika zotere, kapena imeneyi ndi ntchito ya checksum (nambala yowerengedwa kuchokera pa deta yotumizidwa, yoonera ngati detayo yasokonekera m'njira)?

Mlonda wa netiweki:
Checksum isaimbidwe mlandu pamenepa. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti zimene zanyamuka ndi zomwezo zafika, koma siingadziwe ngati zinali zoona ponyamukapo, ndiye kachipangizo kakaima n'kumabwereza nambala, checksum imawerengedwa pa nambala yolakwikayo ndipo zonse zimaoneka zolongosoka. Ndiponso checksum ya TCP, njira imene makompyuta amatumizirana deta pa netiweki, ili ndi ma bit 16 okha (bit ndi 0 kapena 1), moti magawo awiri a ma bit 16 atasinthana malo, siingaone kusiyana.

Data mining imayang'ana khalidwe la deta pa nthawi yaitali. Mutha kuyesa Isolation Forest, njira imene inatuluka mu 2008, yomwe imapatula zinthu zotalikirana ndi zinzake. Koma dziwani kuti 21.4 payokha si nambala yachilendo, choncho mukaipereka yokhayokha idzadutsanso. Muphunzitse Isolation Forest ndi kusinthasintha kwa manambala pa ola lililonse, komanso kusiyana kwa kachipangizoko ndi tinzake toyandikana nako, chifukwa m'menemo ndi mmene vuto lanu likuonekera.

Wa ku seva:
Ndikugwirizana nazo, koma njira zimenezi zimapeza chachilendo, osati cholakwika, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mumalandira mauthenga 1,000,000 pa tsiku ndipo pulogalamu ikulakwitsa pa uthenga umodzi mwa 100 alionse: amenewo ndi machenjezo abodza 10,000, ndipo pakutha pa sabata simudzawawerenganso. Musatengeke mtima ndi zotsatira zokongola zochokera pa deta ya mpikisano wa data mining wotchedwa KDD Cup 1999. Deta imeneyo inapangidwa poyeserera kuthyoledwa kwa netiweki, ili ndi mizere yambirimbiri yobwerezabwereza, n'chifukwa chake mu 2009 kunabwera NSL-KDD yoyeretsedwa, ndipo ngakhale imeneyo siikunena kanthu za tizipangizo tanu. Phunzitsani pulogalamuyo ndi deta yanu yomwe, mutachotsamo kaye maola asanu ndi anayi aja, apo ayi idzaphunzira kuti kuima kwa nambala n'kwachibadwa.

Kachipangizo:
Zikomo nonse. Ndayamba ndi lamulo losavuta lakuti nambala ikakhala yosasintha kwa mphindi 30 ndilandire chenjezo, ndipo usiku womwewo lagwira kachipangizo kachiwiri. Isolation Forest ndiisungira zolakwika zimene sindingathe kuzilembera lamulo, monga kachipangizo kamene kakusokonekera pang'onopang'ono. Kodi deta ya miyezi itatu ingakwane, poti kutentha kumasintha ndi nyengo?