Gulu la banja la kwa NaBanda: Limbani akufuna kuvula yunifomu

Loweruka, 14 Juni 2025

Esnart: Mwaswera bwanji nonse. Limbani anandiimbira usiku wathawu, ali ndi nkhani yofunika tonse tiimve. Ndamuuza kuti ailembe yekha pano. Amayi ndili nawo pakhonde pano, ndiziwawerengera.

Limbani: Malume, amayi, achemwali ndi nonse, moni. Ine ndaganiza zosiya usilikali wa kuno ku Britain. Ogasiti akubwerayu ndikwanitsa zaka 5 chilowereni. Kuno ukafuna kuchoka umapereka notisi ya miyezi 12, ndiye ndikufuna ndipereke Lolemba kuti Juni wa chaka chamawa ndikhale nditatuluka.

Yamikani: Achimwene, mwalakwirana ndi akuluakulu kapena?

Limbani: Ayi mphwanga, palibe mlandu. Mukukumbukira ndinakhala miyezi 6 ku Tapa, ku Estonia. Nditabwerera kuno ku Tidworth, Madalo ankandithawa, ndikamunyamula kulira ngati wanyamulidwa ndi mlendo. Zinatenga masabata kuti avomere kukhala pamwendo panga. Zimenezija sizinandichoke mumtima. Layisensi ya magalimoto akuluakulu okoka ngolo ndinaipeza ku Leconfield, ndipo anzanga amene anachoka akuyendetsa malole, madzulo amagona kunyumba.

Malume Bwanali: Ndamva. Ndisanayankhe ndifunse zitatu. Nyumba mukukhalayo ndi ya ndani? Penshoni ikhalapo? Nanga mapepala okhalira m'dzikomo ali bwanji?

Chisomo: Malume pepani ndilowerere musanayankhidwe. Achimwene a Limbani, chonde Lolemba musapereke notisi imeneyo. Ndili pa ntchito, ndikatuluka mu wodi ndilemba bwino. Musadine chilichonse pa kompyuta.

Esnart: Amayi akuti amvere Chisomo kaye.

Limbani: Ndidikira. Malume, nyumba ndi ya usilikali, lendi yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya kunja kwa kampu. Ukatuluka amakupatsa masiku 93 kuti usamuke. Penshoni ilipo chifukwa ndinapitirira zaka 2, koma ndidzayamba kulandira nditakalamba, pa msinkhu umene boma la kuno limapereka penshoni ya okalamba. Kuti munthu uzilandira ndalama za mwezi ndi mwezi ukangotuluka, umayenera kugwira zaka 20 komanso kukhala utakwanitsa zaka 40 zakubadwa.

Malume Bwanali: Ndiye gwira zaka 20 zo. Unalowa uli ndi zaka 26, udzatuluka uli ndi 46, ukadali ndi mphamvu. Chaka chatha unatiuza kuti akukwezerani malipiro ndi 6 peresenti, chaka chino akuti 4.5. Ntchito yoti malipiro akukwera chaka ndi chaka, nyumba akupatsa, munthu amaisiya?

Malume Bwanali: Ndikulankhula zimene ndinaziona ndi maso angawa. Ine ndinagwira zaka 24. Tsiku limene ndinapereka makiyi a nyumba ku Cobbe Barracks ndinazindikira kuti sindidziwa mtengo wa lendi, sindidziwa kulemba kalata yofunsira ntchito, ngakhale kudzuka popanda wondiuza chochita kunkandisowetsa mtendere. Ndalama zopumira ndinagulira minibasi ya Zomba-Limbe. Isanathe miyezi 18 injini inafa, ndalama yokonzera panalibe. Ndinakathera pa ulonda wa usiku ku Limbe, ine sajeni, kutsegulira geti ana oti ndikanawabala. Akazi anga ndi amene anatidyetsa ndi geni ya tomato. Sindifuna mwana wa mlongo wanga adutse njira imeneyo, ndiponso kudziko la eni.

Limbani: Malume, nkhani imeneyi ndinkangoimva mwapatalipatali, lero ndi pamene mwandiuza nokha. Zikomo. Koma zaka 15 zina sindingathe. Takondwa adzakhala atakula ine ndikungomuonera pa foni.

Tadala: Malume, apongozi, alamu, ndiloleni ndiyankhulepo. Bambo a Takondwa ali ku Estonia ndinkagwira mashifiti a usiku kunyumba yosamalira okalamba, m'mawa kuperekeza Takondwa kusukulu, Madalo ali kumbuyo. Kuno kulibe woti ungamusiyire mwana ngati kwathu. Sindinadandaule pagulu pano chifukwa sindinafune apongozi ade nkhawa. Maganizo osiyawa takambirana tonse awiri kwa chaka chathunthu, sakuchita mopupuluma.

Esnart: Mlamu, amayi akuti bwanji simunanene. Akupukuta misozi pano.

Chisomo: Ndatuluka tsopano. Nkhani ili apa. Msilikali wochokera m'mayiko a Commonwealth akakhala pa ntchito safuna viza. Akangotuluka, ufulu umenewo umatha, ndipo amayenera kufunsira chilolezo chokhaliratu, chimene timati ILR. Wagwira zaka 4 amaloledwa kufunsira. Koma kulipira ndi nkhani ina. Kuyambira Epulo 2022, amene wakwanitsa zaka 6 salipira kanthu. Wosakwanitsa amalipira, ndipo mtengo wake kuyambira Epulo chaka chino ndi £3,029.

Chisomo: Tsopano werengani. Munalowa Ogasiti 2020. Mukapereka notisi Lolemba mutuluka Juni 2026, zaka 5 ndi miyezi 10. Mutsala ndi miyezi iwiri yokha kuti mufike pa 6! Dikirani mpaka Ogasiti adutse, mupereke mu Seputembala.

Yamikani: Eee, miyezi iwiri yokha kutayitsa ndalama zonsezo? Mu makwacha ndi zingati?

Chisomo: Kupitirira K7 miliyoni pa mtengo wa kubanki. Ndipo si zokhazo. Zaka 6 ndi pamenenso pamayambira thandizo lonse lokonzekera moyo wa kunja, la Career Transition Partnership: masiku opita kukaphunzira ntchito malipiro akulowabe, komanso alangizi okuthandiza kulemba CV. Palinso ndalama za maphunziro zofika £1,000 pa chaka, katatu. Wa zaka zosakwana 6 amalandira thandizo lochepa.

Limbani: Za zaka 6 ndinazimvapo, koma ine ndimawerenga kuti chaka cha 6 ndikhala nditachiyamba. Sindinaganize kuti chimayenera kutha chonse.

Chisomo: Chithe chonse, kufikira tsiku lotuluka. Lolemba pitani kwa ofesala woona za otuluka ntchito, akuwerengereni tsiku lenileni, akulembereni papepala. Mufunsenso za Driver CPC, chiphaso cha madalaivala a malole, chifukwa kunja kuno layisensi yokha sikwanira kuti kampani ikupatseni lole.

Malume Bwanali: Chisomo walankhula zanzeru. Ine maganizo anga sanasinthe, ndikanakonda ukhalebe. Koma mkazi wako wanena zimene sindimazidziwa. Ngati ukutuluka, tuluka ngati msilikali, utayang'ana kaye kumene ukupita. Agogo ako anapita ku Burma ndi King's African Rifles, anabwera ndi mamendulo, koma anafera m'nyumba yaudzu. Ukadzabwera ndidzakutengera pa chipilala cha asilikali chija ku Zomba, ndikakufotokozere bwino za iwo.

Limbani: Ndavomera. Ndipereka mu Seputembala.

Tadala: Miyezi itatu yowonjezera ndipirira. Koma asisi a Chisomo, auzeninso za ine ndi Takondwa, chifukwa ndi pamene pagona vuto lenileni.

Chisomo: Inde. Kukhululukidwa kulipira kuja ndi kwa msilikali yekha, banja ayi. Madalo alibe vuto, anabadwira kuno bambo ake ali pa usilikali, ndiye ndi nzika kale. Koma mlamu ndi Takondwa anabwera Malichi 2022 pa viza ya zaka 5. Ikatha mu Malichi 2027 aliyense alipira payekha. Pa mtengo wa lero ndi £6,058, pafupifupi K14 miliyoni. Ndipo mtengowu sukhazikika: kumayambiriro kwa 2022 unali £2,389.

Yamikani: Ine ndinamva kuti boma latsopano la kumeneko lithetsa zolipiritsa mabanja a asilikali.

Chisomo: Chipani cha Labour chinalonjeza zimenezo pa kampeni ya 2024, kwa amene agwira zaka 4 pamodzi ndi mabanja awo. Mpaka lero lamulo silinasinthe. Likasintha tidzathokoza, koma tisunge ndalama ngati kuti silisintha.

Lamlungu, 15 Juni 2025

Esnart: Mwadzuka bwanji. Usiku sindinagone, ndimawerengera. Ndinene poyera zimene tonse tikudziwa koma sitinena. Limbani amatumiza £350 mwezi uliwonse: £150 ya nyumba ya amayi imene tikumanga, £120 ya fizi ndi chakudya cha Mphatso ku Lilongwe, £80 ya mankhwala ndi zofunika za amayi. Wachita zimenezi zaka zinayi osaphonya, ngakhale ali ku Estonia. Enafe tinazolowera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti itakwera, tonse tinayang'ana kwa iye, ine ndemwe ndinali woyamba kuimba foni. Tsopano iye ndi amene akufunika kunyamulidwa. Maganizo anga ndi akuti kuyambira Julayi asiye kutumiza ya nyumba ndi ya Mphatso, azisunga.

Esnart: £270 kwa miyezi 20, Julayi uno mpaka Febuluwale 2027, ikukwana £5,400. Yotsala ndi £658.

Limbani: Achemwali ayi. Sindinabweretse nkhaniyi kuti ndithawe udindo. Nyumba yafika pa lintala, tiisiye choncho mvula iwononge? Ndipo Mphatso watsala ndi zaka ziwiri.

Esnart: Amayi akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera. "Limbani mwana wanga, nyumba ndikugonayi sinagwe, sidontha. Ndakhalamo zaka 30, ndikhalamonso ziwiri. Chimene sindingapirire ndi kumva kuti mpongozi wanga ndi mdzukulu wanga awathamangitsa chifukwa ndalama zinapita ku njerwa zanga. Ngakhale ya mankhwalayo usiye, ndigulitsa mbuzi."

Limbani: Ya mankhwala sindisiya amayi, imeneyo musandiletse. Mbuzi zisagulitsidwe.

Malume Bwanali: Ya mankhwala apitirize, pamenepo ndagamula ine. Za nyumba zisiyeni m'manja mwanga. Malata 28 tinagula kale, ali kwa Esnart. Khoma likangomangidwa pamwamba ndi simenti silingawonongeke ndi mvula ya zaka ziwiri. Matumba 6 akwana. Awiri ndigula ine, mmisiri ndilankhula naye ndekha, ndipo ntchitoyi ithe Okutobala asanafike.

Yamikani: Matumba 4 otsalawo ndi anga. Ndiponso ndizitumiza R900 pa Mukuru mwezi uliwonse ya Mphatso. Kuno ku Johannesburg ntchito ya matailosi imayenda mwa apo ndi apo, mwezi wovuta ndidzanena msanga kuti musadikire.

Esnart: Ine ndi alamu anu tiika K80,000 pa mwezi. Kachewere wa ku Tsangano tikakumba tidzawonjezera pa fizi ya semesita.

Mphatso: Ndakhala chete chifukwa ndimachita manyazi kuti mtolo waukulu ndine. Achimwene, zikomo pa zonse mwandichitira. Ngongole ya boma ya ophunzira sindinafunsirepo chifukwa ndimadalira inu. Akangotsegula ndifunsira. Ndayambanso kuphunzitsa ana awiri masamu ku Area 25, ya sopo ndi thiransipoti ndizipeza ndekha.

Malume Bwanali: Usachite manyazi, sukulu si mlandu. Koma maganyuwo asakulepheretse mayeso.

Chisomo: £658 yotsalayo ndi yanga, ndipo mtengo ukakwera ndidzawonjezera, mudzabweza mukakhazikika. Koma pali china chimene sitinawerengere. Potuluka m'nyumba ya usilikali pafunika dipoziti ndi lendi ya mwezi woyamba, ndipo eni nyumba amafuna kuona kalata ya ntchito. Ndiye achimwene, ntchito ipezeke musanatuluke, osati mutatuluka. ILR yanu mutha kufunsira kutatsala masabata 18, musadikire tsiku lomaliza.

Tadala: Ya dipoziti tisunga kuchokera pa malipiro anga. Bambo a Takondwa akakhala kuti ali pakhomo Loweruka ndi Lamlungu ndizitenga mashifiti owonjezera. Tatsegula kale akaunti yapadera, khadi lake ndisunga ine.

Esnart: Mwachita bwino mlamu. Ndipo pagulu pano pasapezeke wopita kuseri kukapempha Limbani ya feteleza kapena ya chikwati. Vuto likagwa libwere pano, tigawane tonse. Maliro ndi matenda aakulu okha ndi amene tidzamuuze.

Yamikani: Zamveka achemwali.

Malume Bwanali: Limbani, chomaliza. Ukatuluka udzasowa anzako kuposa mmene ukuganizira. Ine chaka choyamba ndinkadzuka 4 koloko, kupolisha nsapato, kenako kukhala pakhonde osadziwa kolowera, ndipo ukali wonse unkathera pa ana. Zikadzakuyamba zimenezo usadzabise. Undiimbire, kaya ndi pakati pa usiku. Nawenso mpongozi, ukadzaona kuti mwamuna wako wasintha, foni yanga ili yotsegula.

Tadala: Zikomo malume, ndasunga mawuwo.

Limbani: Ndilibe mawu okwanira. Mawa 9 koloko ndikaonana ndi ofesala uja, pepala la tsiku lotuluka ndikalijambula ndiliika pano. Amayi, ndikuimbirani mukabwera ku tchalitchi.

Esnart: Akuti uimbe 2 koloko, ndipo Madalo akhale pafupi amuone. Yamikani, ya simenti itumize kwa malume mwachindunji, ya Mphatso kwa ine pofika pa 5 Julayi.