Siling'i ya PVC ndigule kapena ndingotaya ndalama?

Wa ku Area 25: Abale ndithandizeni. Pabalaza panga ndi 4 mita kwa 4, kumwamba malata okhaokha, October akafika mumakhala ngati mu uvuni. Ndikufuna ndiike ndekha siling'i ya PVC, ya pulasitiki ija ya mizeremizere yonyezimira, ndalama ya mmisiri ndilibe. Ndi yogula kapena ndingotaya ndalama?

Mai a mapasa: Musandikumbutse zimenezo ine mutu umandipweteka. Ndinagula PVC chaka chatha, sampulo yomwe anandionetsa mu shopu inali yokhuthala bwinobwino koma zomwe anabwera nazo pa lole zopyapyala ngati pepala, kubwerera kuja akuti katundu akatuluka sabwezedwa. Pano pakati pagwa mimba, alendo akabwera amangoyang'ana kumwamba osayankhula kanthu.

Bigman wa ku Namiwawa: PVC ndi ya mu saluni ndi mu bafa amwene. Ine kwanga ndi gypsum, mabodi oyera angati choko aja, ya masitepe awiri, magetsi obisika m'mbali, pakati chandelier. Ndinalipira 1.2 miliyoni sindinadandaule.

Wa ku Area 25: Bwana ndati bajeti ndi yochepa.

Bigman wa ku Namiwawa: Ndiye dikirani ikule kkkk

Kalipentala wa pa Mchesi: Mayi, vuto si PVC yokha, amene anakukhomerani anatalikitsa timatabwa ta brandering. Tizikhala pafupifupi masentimita 40 kuchokera kena kufika kena, mukaumira matabwa siling'i imalendewera basi. Achimwene a ku 25, gypsum bodi imodzi imakhala 1.2 kwa 2.4, chipinda chanucho mabodi 6 akwana, koma nokha simungainyamule, imafuna anthu awiri ndipo polumikiza pamafunika tepi ndi fila. PVC mutha nokha ndi sowo, levulo ndi masikuluwu. Koma yambani mwakwera pa denga, ngati malata akudontha gypsum imafufuma mvula yoyamba yomwe.

Mtsikana wa Zomba: Nonsenu mukuvutikiranji? Ine ndinagula mphasa zinayi kwa amalume ena oyenda nazo panjinga, ndinakhoma ndi tinsungwi tong'amba m'mphepete, kenako vanishi kawiri. Aliyense akalowa amati ngati loji ya ku Cape Maclear. Sindinafike ndi 60 sauzande yomwe.

Mai a mapasa: Nanga makoswe?

Mtsikana wa Zomba: Ndili ndi mphaka.

Ankolo Dyera: Mphaka amadyanso chiswe? kkkkk mphasa zaka ziwiri muyamba kusesa ufa pa sofa m'mawa uliwonse

Mtsikana wa Zomba: Chaka chachitatu chino, bwerani mudzaone nokha.

Ankolo Dyera: Olo PVC yomweyo siyodula, ine ku Limbe ndinagula 5 sauzande imodzi.

Kalipentala wa pa Mchesi: Liti? Kwacha isanagwe mu November 2023 muja kapena? Pano mtengo umenewo mupeza kona yokha.

Ankolo Dyera: Kudziwa kunenerera mtengo basi.

Mai a mapasa: Ine ndinagula 14 sauzande imodzi, ndiye kuti anandibera kawiri eti. Ambuye andikhululukire zomwe ndikumuganizira munthu uja.

Sisi wa ku Joni: Funso langa ndi lina, nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi? Ine ndinaika siling'i m'nyumba ya eni ake, mwezi wotsatira landilodi kuona kukongola kuja anakweza lendi. Potuluka sindinazule ndi msomali umodzi womwe.

Wa ku Area 25: Ndi yanga sisi, yosamaliza koma yanga. Ndiye mukuti ndigule kapena ayi?

Bigman wa ku Namiwawa: Gypsum.

Mtsikana wa Zomba: Mphasa.

Kalipentala wa pa Mchesi: Mawaya a magetsi alowe mu mapaipi kaye musanatseke kumwambako, PVC ikagwira moto imasungunuka nkumadonthera pansi. Zinazo ndipezeni ku inbox, sindidula.

Mai a mapasa: Onse amayamba ndi "sindidula".