Za mwana wanga ndi Gule, nazi zomwe zachitika

Mwezi watha ndinafunsa kuti nditani ndi mnyamata wanga, wobadwira kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, yemwe ankakana kupita ku mpalo wa agogo ake poti kudzavinidwa Gule Wamkulu. Iye amati ndi zausatana, zvigure, monga amatchulira anzake a Chishona.

Ambiri munati ndimuuze kuti UNESCO inalemekeza Gule mu 2005. Ndinamuuza. Anangoti, "Adadi, UNESCO si Baibulo." Apo ndinagwa nayo. Ndaona kuti munthu ukamupanikiza ndi umboni amangokumba maenje oti aimemo, makamaka ngati chikhulupirirocho ndi chomwe chimamulumikiza ndi anzake a kutchalitchi.

Amene anamufewetsa ndi azakhali ake, osatsutsana naye n'komwe. Akusenda mbatata pakhonde, anayamba kusimba momwe bambo athu anafikira kuno nthawi ya Chitaganya, m'ma 1950, wapansi kuchokera ku Dedza. Ankatukwanidwa kuti mabwidi, anthu opanda kwawo. Akamwalira mnzawo, omuika anali a kudambwe, poti abale anali kutali. Mnyamata anaika foni pansi.

Loweruka anabwera ku mpalo kuja. Sanafike pabwalo, anaima patali pansi pa mtengo wa mango, manja m'thumba, ng'oma zikulira. Nsima anadya nafe.

Sindinganene kuti wasintha, ndipo mwina ine ndi amene ndasinthako, poti ndasiya kumunena kuti wataya mtundu. Dzulo wandifunsa dzina la mudzi wa agogo ake.