Chigoba cha nkhanu ndi mapale olembedwa a ku Athens

Wophunzira wa ku Chipata:
Aphunzitsi ndi nonse odziwa, ndithandizeni. M'buku la sayansi nkhanu zaikidwa m'gulu la Malacostraca, pomwe m'buku la mbiri mapale akale olembedwa amatchedwa ostraca. Kodi mayina amenewa ndi apachibale, kapena angofanana?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Ndi apachibale ndithu, mwana wanga. Agiriki akale ankatchula chigoba ndi phale lomwe ndi liwu limodzi, ostrakon. Malacostraca ndiye kuti zachigoba chofewa, ndipo Aristotle, katswiri wakale wachigiriki, anazitcha choncho poyerekeza ndi chigoba cholimba cha nkhono, ngakhale kuti amene anagwirapo nkhanu ya mumtsinje wa Luangwa sangavomere msanga kuti n'chofewa. Palinso dzina lina lochokera ku liwu lomweli, Ostracoda, tizilombo ta m'madzi totalika pafupifupi milimita imodzi, tokhala m'chigoba cha zivindikiro ziwiri.

Mayi wa ku Petauke:
Ine ndionjezepo za mapalewo. Ku Athens, mzinda wa Agiriki, nzika zinkakanda pa phale dzina la munthu amene zinkamuona kuti angaopseze mzinda, ndipo wolembedwa kwambiri ankachotsedwa kwa zaka 10, koma chuma chake sichinkalandidwa. Themistocles, mtsogoleri wina wa mzindawo, anachotsedwa motero cha m'ma 471 BC. Phale longa lomwe timakazingira nsawa linali pepala losavuta kupeza, chifukwa gumbwa wopangira mapepala ankagulidwa kuchokera ku Iguputo.

Mphunzitsi wa ku Katete:
Mwanena zoona, amayi. Ku Iguputo komweko, amisiri a m'mudzi wa Deir el-Medina ankalemba pa mapale ndi pa zibenthu za miyala ngongole, makalata, ngakhale mayina a ojomba kuntchito.