Ndalama zotsala pa mjigo: tisunge mbiri ya kwathu kapena ayi?

Wapampando: Abale, mjigo watha ndipo kandalama katsalako. Aphunzitsi akuti tikonze kachipinda kaja kusukulu, tiziikamo mabuku ndi mawu a agogo ojambulidwa pafoni. Maganizo anu.

Msungichuma: A Tcheya, ndinene mosapsatira. Anthu akulira feteleza, ife tikagule mashelefu? Nthano sadya.

Aphunzitsi opuma, Chamama: Achimwene, za feteleza sindikutsutsa. Koma pali maphunziro ena okhudza munthu mwiniwake: mbiri, chilankhulo, zolembalemba, chipembedzo, nyimbo ndi magule. Akatswiri a mjigo anatiuza kuti madzi ali pansi mamita angati. Nanga malowo ndi a yani, anatiuza? Paja ntchito inaima chifukwa cha mkangano wa malire. Anauthetsa ndi gogo wina, atakhala pamphasa n'kutchula mbumba yonse kuyambira kwa make wa agogo ake, kenako n'kuloza mkuyu umene unali malire. Akadzatisiya, tidzafunsa ndani?

Mphwanu wa ku Joni: Amalume anena zoona. Ku Mtunthama, Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981 ndipo ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. N'zabwino ndithu. Koma mu Kasungu National Park muli ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo, komanso zojambula pamiyala. Mwana wanga wamkulu sakudziwa n'komwe, zimandiwawa.

Mayi a ku Santhe: Ine ndavomera, koma chenjezo. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inde, koma sikuti za kudambwe zasanduka za pa WhatsApp. Za kutsimba nazonso ayi. Tiyambe tagwada kwa mafumu ndi anamkungwi, atiuze okha zoyenera kujambula. Ine ndikufuna nyimbo za pamtondo. Chibwerereni zigayo, atsikana sakuziimbanso, chonsecho m'menemo ndi momwe amayi ankadandaulira za banja, apongozi akumva, popanda kuyambana ndi munthu.

Msungichuma: Za malirezo zandigwira mtima, aphunzitsi. Komabe mashelefu ayi. Tigule foni imodzi ndi memori khadi, zotsala tisungire zipangizo za mjigo, chifukwa ukadzaonongeka mudzandifunsa ine.

Aphunzitsi opuma, Chamama: Zikomo. Ana a fomu 3 ndiwaperekeza ndekha, azikafunsa ndi kulemba m'Chichewa.

Wapampando: Tamvana. Loweruka ine ndi amayi tikaonekera kwa a gulupu. Amene muli ndi agogo odziwa zakale, nditumizireni dzina la mudzi kumbali.