Kodi makina anzeru angateteze nyama pamodzi ndi minda yathu?

Nachisale

Ndikupempha odziwa andiunikire. Kwathu n'kufupi ndi nkhalango yosungirako nyama, ndipo chaka chatha njovu zinalowa usiku m'munda mwa amayi anga, moti m'mawa tinangopeza mapesi ali lambalamba, ndowe zikadali zofunda. Ndikumva kuti masiku ano kuli madironi (tindege touluka popanda munthu mkati) ndi makompyuta anzeru otchedwa AI othandiza kusamalira nyama zakutchire. Kodi zimenezi zimagwira ntchito bwanji, nanga zingathandizenso mlimi, kapena n'zowerengera nyama basi?

Jere

Pepani kwambiri mayi chifukwa cha mbewu zanu. Ntchito imene makinawa amaitha bwino kwambiri ndi kuzindikira nyama pa zithunzi. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, ofufuza anatchera makamera 225 amene amajambula okha chinthu chikagwedezeka, koma zithunzi zinachuluka kufika mamiliyoni, ndipo zambiri zinali za udzu wogwedezeka ndi mphepo. Poyamba ankazisankha ndi anthu odzipereka pa intaneti. Mu 2018 akatswiri anaphunzitsa kompyuta pogwiritsa ntchito zithunzi zomwezo, ndipo inatha kusiyanitsa mitundu 48 ya nyama. Izi zimathandiza ofufuza kudziwa kumene nyama zikuchepa, ngakhale kuti sizitchinga munda wa munthu.

Nambewe

A Jere anena zoona, koma funso la a Nachisale lili pa munda, choncho ndionjezerepo. Njovu zina zimavekedwa m'khosi makolala a GPS (zipangizo zosonyeza pomwe nyama ili), ndipo pulogalamu ya EarthRanger, imene ikugwiritsidwa ntchito ku Liwonde komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuchokera mu 2015, imaonetsa pamapu pomwe njovuyo ili komanso pomwe pali alonda. Njovu ikayandikira mpanda, uthenga umafika msanga kwa alonda kuti akaibweze isanafike kumudzi. Madironi nawonso athandizapo kupirikitsa njovu, popeza zimathawa kulira kwake, kumene ambiri amati kumafanana ndi kwa njuchi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti si njovu zonse zimene zili ndi kolala, chifukwa kuiveka kumafuna dokotala wa nyama, mankhwala ogonetsa ndiponso nthawi zambiri helikopita. Komanso uthenga ukafika pakati pa usiku koma palibe galimoto, mafuta kapena alonda okwanira, chimanga chimadyedwabe kompyuta ikuona. Ine ndikanakonda kuti uthengawo uzifikanso pa mafoni a makomiti a m'midzi, kuti anthu azidzuka nthawi isanathe ndi kuyatsa moto wa tsabola m'malire a minda.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse. Mfundo ya mafoni a makomiti yandigwira mtima, ndipo ndikaitula kwa amfumu pamsonkhano wa mwezi uno, chimanga chisanayambe kukhwima.